Tsiku Limene Ndinanyamula Magetsi Osatayako Dontho

Amene akuti Lazalo ndi wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope ndisanayambe, chifukwa ndikafika pakati sindifuna wina azikhosomola monamizira. A Twaibu, ndikunena inu. Golosale ndi yanu, khonde ndi lanu, benchi ndakhalirayi ndi yanu, koma nkhani ndi yanga, ndipo tsiku limenelo inu munali ku Lilongwe kokaoda sopo, simunaone kanthu. Inunso anyamata a kabaza, zimitsani tinjinga tanuto mumve mmene galimoto imayendetsedwera. Ine ndinayendetsa matola inu musanamere mano, ndinafikapo mpaka ku Chipata chobwerera m'mbuyo chifukwa magiya akutsogolo anali atakana ntchito. Koma zimenezo n'zazing'ono. Lero ndikuuzani mmene ndinanyamulira magetsi kuchokera kwathu kwa Chiosya mpaka ku Guilleme osatayako ngakhale dontho.

Ndati kwathu? Pepani, pakamwa pandiphonya. Kwa Chiosya ndi kwawo kwa akazi anga, Nambewe. Ine kwathu ndi ku Kachebere, kutsinde kwa mapiri, kuno ndine mkamwini, ndipo mkamwini ngakhale imvi zifike m'makutu amakhala ngati mphaka wobwereka: akaleka kugwira makoswe amamubweza. Musaiwale mawu amenewa, muwafuna kutsogoloku.

Nambewe ndi amayi anzake a pagulu anali ndi bokosi lofungatira mazira, lija timalitcha thadzi lamagetsi, limene limadya moto wa sola ya padenga. Munali modzaza mazira a nkhuku za mikolongwe, ndipo anali atatsala pang'ono kuswa, ukaika khutu unkamva tianapiye tikukambirana za kunja kuno. Ndiye m'mawa wina mbuzi yathu inakwera pangolo, kuchoka pangolo pankhokwe, kuchoka pankhokwe padenga, n'kuyamba kuvina pagalasi la sola mpaka galasi lonse nyenyenye. Bokosi zii. Mayi aliyense amene anawetako nkhuku akudziwa kuti dzira lotsala pang'ono kuswa likangozizidwa limasukusa. Amayi aja anangogwira m'chiuno. Magetsi odalirika anali kwa mng'ono wake wa Nambewe, mphunzitsi wa ku Guilleme, amene denga lake lonse ndi masola okhaokha, koma bokosi likafika bwanji kumeneko lili lofunda?

Mwamwayi pakhomo panali alamu anga a Fostino, mlongo wake wa Nambewe, amene anabwera kuchokera mumzinda kudzatenga mtedza. Anabwera pagalimoto yachilendo imene imadya pawiri ngati mwana wa kumitala: uku imamwa petulo, uku imayamwa magetsi pakhoma ngati foni. Kumbuyo kwake kuli soketi yeniyeni, yonga ya m'nyumba. Tinalumikiza bokosi lija, ilo n'kuyambiranso kung'ung'udza, amayi n'kupumira m'mwamba. Koma panali mavuto awiri. Alamu anali atabinya bondo dzulo lake podumpha pangolo kuti aonetse atsikana kuti akadali mnyamata, ndiye sakanatha kuponda chilichonse. Petulonso anali wochepa, wongokwana kutsukira m'kamwa, pakuti inali nyengo ija imene galimoto zinkagona pamizere mpaka nkhuku kuikira pansi pake.

Ndinaimirira pamaso pa amayi onse n'kunena kuti chiwongolero chimenecho chikudikira ine. Nambewe anangotembenuka. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi nkhwangwa yanga ndi mphasa yanga, zimene ndinabwera nazo pamudzipo ndili mnyamata, n'kuziika bwinobwino pampando wakumbuyo.

“Bambo a Chikondi, mwadzitama nokha, palibe wakutumani,” anatero. “Dzira limodzi likasukusa musavutike n'kubwerera kuno. Njira ya ku Kachebere mukuidziwa.”

Mukumva? Limodzi. Sanati theka, sanati ochepa, anati limodzi.

Alamu anakhala pambali panga, mwendo ataukweza, n'kuyamba kundiphunzitsa. Anandionetsa timizere towala kuseri kwa chiwongolero, akuti timeneti ndiye magetsi otsala mubatire, tikatha basi bokosi lazima. Anandionetsa kabatani kena, akuti ukakadina galimoto imamva kuti isakhudze magetsi, izidya petulo yekha. Anatinso pamtsetse ukaponda buleki mofatsa, galimoto imabweza magetsi mubatire. Ndinawauza kuti zonsezo ndinazidziwa kale ndili m'mimba, ndinangodina kabatani kaja kuti kandizolowere chala.

Tinanyamuka. Sitinapite patali, tayala linagwa mukadzenje, galimoto gwede, ndipo kamzere kamodzi kanazima ndikuona ndi maso angawa. Alamu anati ndi bokosi likudya. Ine ndinaseka. Anthu a m'tauni amadziwa kuwerenga koma sadziwa kuganiza. Chinthu chodzaza chikagwedezeka chimatani? Chimatayika. Nanga amayi athu akamachokera kumjigo ndowa ili pamutu, amaika chiyani pamwamba pa madzi kuti asakhavukire? Masamba. Ndinaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango, ndinatenga nkhwangwa ija Nambewe anandilongedzera, ndinagwetsa nthambi, n'kuzimangirira ndi luzi padenga, kutsogolo, m'zitseko, kumbuyo, mpaka galimoto inasanduka chitsamba choyenda. Kuyambira pamenepo tinagwa m'maenje ena akuya moti tinkalowa mbali ino dzuwa likuwala n'kutulukira tsidya linalo kukugwa mvula, koma magetsi anangoti phee ngati mkaka wogona.

Kenako ndinazimitsa chilichonse chimene chimaba moto. Kamphepo koziziritsa ndinakapha. Wailesi ndinaitseka pakamwa. Hutala ndinailetsa kuyankhula. Paja mukudziwa kuti Mulungu anandimana sukulu koma anandipatsa kholingo, ndiye zonsezo ndinazichita ndekha. Ndikaona wanjinga ndinkatulutsa mutu pawindo n'kuliza “piii-pipiii” wa basi yaikulu, munthu n'kukagwera m'munda wa chimanga. Pokhota ndinkatulutsa mkono n'kumadula lilime “tha-tha, tha-tha.” Tinapeza ng'ombe zitagona pakati pa msewu, ndinabangula ngati mkango wa ku Luangwa, ng'ombe zinadumpha mtsinje wa Bua osanyowa ziboda, ndipo imodzi anakaipeza patatha sabata ili pamwamba pa mtengo wa bulugama ikukana kutsika. Alamu atayamba kudandaula kuti ulendo wopanda wailesi ndi wotopetsa, ndinawawerengera nkhani ndi mawu a muulutsi, ndinawaulutsira mpira mpaka timu yawo inagoletsa, kenako mauthenga achisoni, ndikutchula mayina a anthu ongopeka ndi midzi yawo, mawu akunjenjemera mmene amachitira enieniwo.

Tikuyandikira pa Kamwendo injini inakhosomola, inaguza m'mero, n'kufa. Petulo watha. Nthawi yomweyo ndinaimva galimoto ikutembenukira kubatire ngati mwana wolandidwa phala akamafuna bere, ndipo ndinachotsa phazi msangamsanga n'kuiuza kuti magetsi amenewo ndi a mazira, yakwiya ikwiye. Msewu unali wotsetsereka pang'ono, ndiye tinkangoyenda pang'onopang'ono, mwakachetechete, masamba ali wirira, mauthenga achisoni akadali m'kamwa mwanga.

Inu ndinu a kuno, ndiuzeni nokha. Galimoto yovala masamba, yoyenda ngati ikuopa kudzutsa munthu, yopanda nyimbo, kumbuyo kuli bokosi lofunditsidwa chitenje. Mukanaganiza chiyani?

Akabaza anatsika panjinga zawo. Abambo anavula zipewa. Ogulitsa tchipisi anazimitsa moto. Amayi a pamsika anamanga zitenje m'chiuno n'kuyamba kulira, wina kufunsa kuti watisiya ndani, mnzake n'kuyankha kuti zofunsa pambuyo, tiyeni tilire kaye. Pamene kamtsetse kanathera galimoto n'kuima, mkulu wina anakweza ndodo n'kunena kuti maliro sasiyidwa pamsewu. Amuna anagwira kumbuyo, anagwira m'mbali, n'kuyamba kukankha.

Mufunsa kuti bwanji sindinawauze zoona. Ndikanawauza ndi pakamwa pati? Tianapiye tinali titayamba mantha ndi phokoso, ndiye ine ndinali nditatembenukira kumbuyo ndikulira ngati thadzi, “kru-kru-kru,” kuti timve kuti mayi ali pafupi, mapewa akugwedezeka, anthu n'kumati taonani bambo uja akusisima. Ndiye alamu anga anali akulira misozi yeniyeni, yotentha, poona nthambi zikukanda penti ndi manja a mudzi wonse akupaka mafuta a tchipisi pagalimoto yawo. Amayi anawagwira pamutu pawindo n'kumawauza kuti alimbe mtima, tonse njira ndi yomweyo. Alamu n'kukuwa kwambiri.

Gulu linakula. Makwaya a mipingo yonse anatulukira m'tinjira atavala mayunifolomu, amwenye ndi anzanu a m'magolosale anatseka zitseko, a Twaibu, n'kulowa pamzere, adzukulu anabwera ndi makasu paphewa osadziwa kuti akakumba kuti, ana a sukulu anatuluka m'makalasi ndi aphunzitsi awo, ndipo parodibuloko apolisi anakweza chitsulo n'kumenya sawasha osafunsa ngakhale laisensi, imene ndinali nditaiiwala m'thumba la buluku lina zaka zambiri zapitazo. Mutu wa gulu uli parodibuloko, mchira wake ukadali kumangirira nsapato kwa Chiosya.

Koma ine maso anali pa timizere. Bokosi linkayamwa osapuma, timizere tikuzima, mpaka kanatsala kamodzi kokha, kowonda ngati mwendo wa udzudzu, kakuphethira. Ndinayang'ana nkhwangwa yanga, nayo inandiyang'ana. Pamenepo ndinakumbukira za mtsetse. Koma dziko lathuli mukulidziwa, pakati apa ndi lathyathyathya ngati mphasa, mtsetse weniweni ungaupeze kuti? Kumapiri basi. Titafika pamphambano yokhotera ku Guilleme sindinakhote. Ndinangotulutsa mkono n'kuloza kumadzulo, anthu n'kumati mwambo uli kumapiri, nyimbo n'kukwera, mapazi n'kufulumira. Tinadutsa paboma ngati mtsinje wosefukira.

Tikudutsa m'mudzi mwathu ku Kachebere, mlongo wanga Edina anasuzumira pawindo, anaona nkhwangwa ndi mphasa, anagwira pakamwa n'kuthamangira kukasesa kanyumba kanga kakale, akuuza aliyense kuti achimwene awathamangitsa, anachedwa nazo. Ndinalibe nthawi yomuyankha. Anthu anakankha, anakankha, msewu unatha, anapitiriza pamiyala, miyala inatha, anapitiriza pamitengo, mpaka tinafika pansonga penipeni pa phiri pamene ukaima mwendo umodzi umakhala ku Malawi wina ku Zambia, mafoni onse m'matumba n'kumalira kutilandira m'dziko la eni. Mitambo inali m'munsi mwathu. Khwangwala wina anatiyang'ana n'kutifunsa ndi maso ngati tasochera.

Ndinatembenuza galimoto kuloza kum'mawa, ndinauza alamu kuti agwire bondo lawo, n'kumasula.

Abale anga, kutsika kumeneko. Phazi langa linali pabuleki mofewa, mmene umapondera ukamalowa m'nyumba mochedwa akazi ali mtulo, osakanikiza, osasiya, ndipo ndinamva pansi pa mpando kukuti ng'wiii, galimoto ikumeza mtsetse n'kumausandutsa moto, kamzere kaja kanabereka kanzake, awiriwo anabereka ana, ana anabereka zidzukulu, timizere tinadzaza malo ake n'kusefukira pagalasi lakutsogolo, tinakwera padenga, tina tinalowa m'thumba la malaya a alamu, batire inafufuma ngati mimba ya mkamwini pachikondwerero cha ukwati, ndipo pakanapanda masamba aja magetsi onse akanakhavukira m'tchire n'kuotcha dziko mpaka ku Kasungu. Masamba anagwira ntchito, ndikukuuzani. Moto utawakwera, nthambi zija zinachita maluwa pompo, maluwa anagwa, mango anatuluka, anakula, anapsa, n'kumatigwera pawindo mwezi umene ngakhale mwana amadziwa kuti kulibe mango. Alamu anasiya kulira n'kuyamba kusenda.

Kanthunzi kokha ka magetsi kamene kankatuluka m'mphepete mwa masamba n'kamene kanachita zodabwitsa m'njira. Mafoni akufa anadzuka m'matumba mwa eni ake. Matochi otayidwa kudzala anayaka masana. Mtedza m'minda ya m'mbali mwa msewu unakazingika uli pansi panthaka, anthu pokolola ankangothira mchere. Fodya anauma ali chiimire m'munda n'kudzisankha yekha, wabwino uku woipa uku. Anyamata ophunzira zaunsembe anali atayanika mikanjo yawo, inasitika yokha pachingwe. Mkulu wampingo wina wa dazi lonyezimira anangomva kuyabwa pamutu, pofika kunyumba mkazi wake anamuthamangitsa ndi chipande poyesa ndi mnyamata wachilendo. Mukumva? Mukuseka chiyani, a Twaibu? Munthuyo alipo, amametetsa kawiri pa sabata.

Liwiro la phiri lija linatiponya kudutsa paboma, kudutsa parodibuloko apolisi asanatsitse dzanja la sawasha yoyamba ija, mpaka tinakaima pakhomo pa mphunzitsi ku Guilleme osakhudza batire ngakhale pang'ono. Chithunzithunzi cha galimoto chinafika pambuyo pake chili wefuwefu. Gulu lija nalo silinachedwe, pakuti linkathamanga m'kanthunzi kathu n'kumatchajika, agogo a ndodo akupitirira njinga zamoto n'kumaziuza kuti zipatuke.

Anthu atadzaza bwalo la mpira ndi minda yozungulira, mkulu wa ndodo uja anabwera pawindo mwaulemu, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti popeza ayenda mtunda wautali, awalole aone nkhope. Ndinatsika. Ndinatsegula kumbuyo. Ndinachotsa chitenje. Ndinatsegula bokosi.

Tianapiye takuda bii tinatuluka ngati njuchi, tikulira tonse pamodzi, tina kukwera pandodo ya mkuluyo, tina kulowa m'zipewa zimene anthu anagwira m'manja. Kunali zii moti ndinamva bango likugwa kuchokera padenga la galimoto. Kenako mayi wina kumbuyo analiza nthungululu, ndipo dziko linaphulika. Makwaya sanasinthe n'komwe nyimbo, anangoithamangitsa n'kuwonjezera m'manja, amene ankagubuduka ndi chisoni anapitiriza kugubuduka ndi phwete, adzukulu anati makasu sangabwerere osagwira ntchito ndiye anakumba maziko n'kumanga khola la nkhuku la zipinda, ndipo mkulu wa ndodo anavina mpaka anaiwala ndodo yake, ili kwathu mpaka lero.

Pakati pa chisangalalo chimenecho ndinaona kabaza ikubwera ndi fumbi, kumbuyo kuli Nambewe, mpango uli pambali, maso ofiira. Uthenga unali utafika kwa Chiosya kuti galimoto ija yanyamula maliro, ndipo iye anayesa ndine. Atandiona ndili chilili anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo ndikulumbira, mkazi ameneyu amene sanandiyamikepo chibadwire anandigwira dzanja pamaso pa anthu. Kenako anapukuta misozi ndi chitenje n'kulunjika kubokosi. Anapenda makoko limodzilimodzi. Pakona penipeni panali dzira limodzi, lathunthu, lili phee.

Analitola. Analiika pakhutu. Anayang'ana nkhwangwa. Anayang'ana kumapiri.

Nyimbo zinazima zokha. Ine ndinapempha dziralo mwaulemu ndi manja awiri, ndinaliika m'khwapa, ndinagwira chitseko cha galimoto ndi dzanja linali kuti moto udutse mwa ine, ndinanjuta pansi pamaso pa khamu lonse, ine bambo wa ana akuluakulu, ndinatambasula zigongono, ndinafufumitsa msana, n'kuyamba “kru-kru-kru” amene sindinaimbepo chibadwire, wochokera pansi pa mchombo, moti nkhuku zonse za ku Guilleme zinasiya anapiye awo n'kubwera kudzaphunzira. Tsitsi linaima, mabatani a malaya anayaka, mano anga anagwira wailesi ya ku Zambia. Kenako ndinamva kujompha. M'khwapa munatuluka katambala kali ndi lipombo lofiira kale, kanayang'ana anthu, n'kulira “piii-pipiii” ndi mawu anga enieni.

Nambewe sanaseke, paja mkamwini samusekerera pagulu, angazolowere. Anangotenga nkhwangwa ndi mphasa, anasenza yekha pamutu.

“Tiyeni kunyumba, bambo a Chikondi,” anatero. “Mbuzi ija ikufuna khola, ndipo kulibe wina womanga.”

Ndi mmene ndinakhalira kwa Chiosya mpaka lero, mlongo wanga Edina anasesa pachabe. Alamu anabwerera ku Lilongwe ndi magetsi omwe aja, ndipo akuti galimotoyo sanaitchajenso, m'malo mwake akailumikiza pakhoma ndi nyumba imene imayaka. Tambala uja anakula akunditsata kulikonse ngati amake, usiku maso ake ankaunikira bwalo lonse, ana n'kumawerengera pomwepo, ndipo nkhuku zobadwa naye zinkaikira mazira owiritsa kale.

Ndikudziwa chimene mukufuna kunena, a Twaibu, ndachiona pakamwa panu. Nambewe akabwera kudzagula mchere amakuuzani kuti anayendetsa ndi alamu, kuti bondo linali lakumanzere ndipo galimoto zimenezi sizifuna mwendo wakumanzere, kuti ine ndinakhala kumbuyo nditakumbatira bokosi ndikupemphera, ndipo masamba ndinangomangirira kanthambi kamodzi pagalasi. Mkazi amene anali kwa Chiosya akulira maliro anga angadziwe chiyani za pamwamba pa phiri? Tambala ndiye tinamudya pa Khirisimasi, n'zoona, simungamuonenso. Koma moto wake unapita kuti? Nali dzanja langa. Bwerani mundipatse moni ngati ndinu mwamuna. Mukubwerera m'mbuyo bwanji? Chabwino, bweretsani foni yanu yakufayo ndiiike m'khwapa, inu mukatenge fanta wozizira, pobwera muipeza yadzaza.